Musanagule turbo yaikulu, werengani kaye mpweya umene injini yanu ingameze

Amene anakwerapo galimoto yoikidwa turbo yoposa msinkhu wake amadziwa mmene zimakhalira. Uli pa giya yachitatu, kutsogolo kuli lole, mpata wodutsa wapezeka, waponda moto mpaka pansi. Zii. Singano ya rpm, yoonetsa maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi, ili pa 3,000 ndipo ikukwera mozengereza, injini ikulira ngati ya galimoto wamba, mwinanso kuchepera pamenepo. Ikafika pa 5,000 zonse zimabwera kamodzi: msana umamatirira kumpando, matayala amalira, chiwongolero chimafuna kupulumuka m'manja, ndipo usanaphethire singano yagunda pofiira, uyenera kusintha giya. Mwini wake amakuuza monyadira kuti pa dyno, makina opimira mphamvu ya galimoto, inatulutsa 480 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu). Sakunama ayi. Kungoti mphamvuyo imakhala pamalo pamene iye amafikapo mwa apo ndi apo.

Ambiri amene amadandaula pambuyo pake sanagule turbo yoipa, anagula yaikulu. Turbo yoyenera ndi yaing'ono kwambiri mwa zonse zimene zingakufikitseni pa mphamvu imene mukufuna popanda kubanika. Zimene ndilembe apa ndi njira yoipezera, ndipo dzina la turbo yoti mugule libwera mochedwa ndithu.

Kwa amene angoyamba kumene: turbo ndi magudumu awiri a mapiko olumikizidwa ndi shafuti imodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza gudumu la turbine, ndipo linzake, la compressor, limakoka mpweya wa panja n'kuupanikizira m'masilinda. Mpweya ukachuluka mumawotcha petulo wambiri, mphamvu n'kukwera. Nzeruyi ndi yakale, Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905. Shafuti ya turbo yaing'ono imazungulira kupitirira maulendo 150,000 pa mphindi. Gudumu likakula limakankha mpweya wambiri, koma limafunanso utsi wambiri kuti lidzuke, ndipo injini ikamazungulira pang'onopang'ono utsi wotero kulibe. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Yambani ndi pepala

Musanatsegule tsamba la ogulitsa, lembani ntchito ya galimotoyo moona mtima. Kodi ndi imene mumayendera tsiku ndi tsiku? Ndi ya mpikisano wa pamsewu wowongoka, umene umatha m'masekondi ochepa? Kapena ndi ya pabwalo la makona? Zitatuzi zimafuna ma turbo osiyana ngakhale injini ikhale imodzimodzi. Ya mpikisano wowongoka imanyamuka injini ili kale pamwamba, ndiye ilibe nazo kanthu kuti pa 3,000 rpm turbo ili m'tulo. Ya pamakona imafuna kuti mukaponda potuluka pakona iyankhe pompo, komanso ipirire kutentha kwa mphindi 20 osapuma. Ya tsiku ndi tsiku moyo wake wonse imakhala m'munsi. Ngati mukukayika, kwa sabata imodzi muziponya diso pa singano mukamayendetsa mwa masiku onse, muone kangati mumadutsa 4,500.

Papepalapo lembani malire awiri: rpm imene mukufuna boost (presha imene turbo imawonjezera) yonse ikhale itafika, ndi rpm imene injini imathera. Pansi pake lembani mphamvu imene mukufuna, ndipo munene ngati ndi ya pa crank, shafuti yaikulu ya injini, kapena ya pa matayala. Opanga ma turbo kawirikawiri amatchula ya pa crank, pomwe dyno zambiri zimapima pa matayala, kumene nambala imatsikirapo chifukwa ina imathera m'magiya. Mikangano yambiri ya m'magalaja imakhala ya anthu awiri amene akunena nambala zosiyanazi osadziwa.

Palinso zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza n'kuzitcha zonse lag. China ndi rpm imene turbo imayambira kugwira ntchito. Pansi pa rpm imeneyo, ngakhale muponde mpaka mawa, boost sibwera. China ndi kamphindi kamene mumadikira mutaponda moto injini ili kale pa rpm yokwanira. Mabering'i abwino ndi gudumu lopepuka zimachepetsa kamphindi kachiwirika. Choyambacho chimatsata kukula kwa turbo poyerekeza ndi injini, ndipo ndalama sizichisuntha kwenikweni.

Funsani injini ngati ili ndi moyo

Turbo siichiritsa injini yodwala, imangoifulumizitsa kumanda. Pimitsani compression, presha imene pisitoni imapanikiza, pa silinda iliyonse. Zikasiyana kupitirira 10 peresenti, imani kaye. Chitaninso leak-down test, imene imakuuzani kumene mpweya ukuthawira, kaya m'maring'i, m'mavavu kapena pa gasiketi ya hedi. Onani presha ya oyilo injini itatentha. Ngati galimoto imawira kale mukamakwera mtunda, kapena imadya oyilo, ndalama za turbo zipite kumeneko poyamba.

Kenako fufuzani malire a injini yanu yeniyeniyo, ndi nambala yake ndi chaka chake, chifukwa nthawi zina injini za dzina limodzi zimasiyana mapisitoni ndi ma conrod (ndodo zolumikiza pisitoni ku crank) malinga ndi chaka. Injini iliyonse ili ndi pamene imayambira kuthyoka: ina ndi ma conrod, ina ndi milomo ya pisitoni imene imagwira maring'i, ina ndi gasiketi ya hedi. Amene amatchuna (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini) injini za mtundu wanu tsiku ndi tsiku amadziwa malo amenewa pamtima. Chimodzi chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti chopinda conrod si hp ya pamwamba koma torque (mphamvu yopotokola crank) yaikulu pa rpm yotsika, pamene presha ya mu silinda imakhala yoopsa. Ndiye turbo yaing'ono yodzuka msanga nayonso ili ndi mano ake, ndipo wotchuna wanzeru amaibweza dala boost m'munsimo kuti injini ikhale ndi moyo.

Petulo amene mumamupeza mosavuta ndiye denga lina. Octane (muyeso wa mmene petulo amapiririra kupanikizidwa) ikachepa injini imayamba kugogoda msanga, wotchuna amabweza timing (nthawi imene pulagi imayatsira), ndipo mphamvu imene turbo ikanapereka imathera m'kutentha. Sankhani potengera petulo amene mudzathire mlungu uliwonse, osati wa tsiku limodzi la pa dyno.

Sandutsani hp kukhala mpweya

Apa ndi pamene ambiri amathawa, koma masamu ake ndi a pulayimale. Turbo sidziwa za hp, imangodziwa kukankha mpweya, ndipo opanga amaupima mu lb/min, kutanthauza mapaundi pa mphindi. Pa injini ya petulo, 1 lb/min imabala pafupifupi 10 hp pa crank. Mukafuna 350 hp mukufuna mpweya wa 35 lb/min. Nambala yoyamba ndi imeneyo.

Yachiwiri ndi ya presha imene ikufunika kuti mpweya umenewo ulowe mu injini yanu. Titenge ya malita 2.0, masilinda 4, yothera pa 7,000 rpm. Injini ya four-stroke imadzaza masilinda onse kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndiye iyi imakoka lita imodzi pa kuzungulira kumodzi, malita 7,000 pa mphindi. Mpweya wa 25°C m'malo otsika a kugombe umalemera pafupifupi magalamu 1.18 pa lita. Mukachulukitsa mupeza makilogalamu 8.3, amene ndi 18 lb/min. Silinda sidzaza mpaka pakamwa, choncho tinene 17. Ife tikufuna 35, kuwirikiza kawiri ndi kachidutswa. Popeza mpweya wochoka mu intercooler (choziziritsa mpweya wa turbo) umakhalabe wofunda, motero wopepukirapo, mu manifold (mapaipi ogawira mpweya m'masilinda) mufunika pafupifupi 2.2 bar yonse pamodzi. Chotsanipo 1 bar ya mpweya wotizungulirawu, geji yanu ionetsa 1.2 bar, cha m'ma 17 psi. Presha ina imatayika m'sefa ndi mu intercooler, ndiye turbo yokha iyenera kupanikiza mpweya maulendo 2.3 kapena 2.4. Nambala imeneyi ndi imene amaitcha pressure ratio.

Ngati galimoto imakhala kumalo okwera, werengeraninso. Pa mamita 1,500 mpweya wa panja umakhala cha m'ma 0.85 bar. Kuti mufike pa 2.2 bar yomwe ija mu manifold, turbo iyenera kupanikiza maulendo 2.6 musanawonjezere zotayika. Imazungulira kwambiri, imatenthetsa mpweya kwambiri, ndiponso imadzuka mochedwerapo.

Ikani madontho pa mapu

Turbo iliyonse yolongosoka ili ndi compressor map yake, ndipo wogulitsa akalephera kukuonetsani, chimenecho n'chizindikiro kale. Poyamba imaoneka ngati mapu a mapiri, koma ndi yosavuta. M'munsi mwake muli mpweya, lb/min. Kumbali, chokwera, kuli pressure ratio. Pakati pali mizere yozungulira ngati zilumba, ndipo chilumba chapakati ndi pamene turbo imagwira ntchito mosataya mphamvu, nthawi zambiri pakati pa 70 ndi 80 peresenti.

Ikani dontho loyamba pa 35 lb/min ndi 2.35. Apo ndi pamene injini yanu idzakhale pa 7,000 rpm. Lachiwiri ndi la rpm imene munalemba kuti boost yonse ikhale itafika. Ngati ndi 3,500, mpweya ndi theka, cha m'ma 17 kapena 18 lb/min, pa pressure ratio yomweyo. Lumikizani madontho awiriwo. Mzere umenewo ndiye njira imene turbo idzayende mukaponda moto kuchoka pansi mpaka pamwamba, ndipo mukufuna wonse ukhale m'kati mwa mapu, mbali yaikulu ikudutsa pa zilumba zapakati.

Dontho la kumanzere likatuluka kunja kwa mzere wa m'mphepete, turbo yakula. Kumeneko ndi ku surge: compressor ikupanikiza mpweya umene injini singathe kumeza, mpweyawo umabwerera m'mbuyo n'kumenya mapiko, ndipo mumamva kuti chu-chu-chu phazi lili pansi. Ena amakonda kaphokoso kameneka. Bering'i imene imaletsa shafuti kuyenda chamtsogolo ndi cham'mbuyo siikonda. Dontho la kumanja likatuluka kunja, turbo yachepa. Kumeneko ndi ku choke: gudumu likuzungulira mopitirira muyeso, mpweya sukuwonjezeka, ukungotentha. Kutenthako si kwamasewera. Mpweya wa 25°C ukapanikizidwa kawiri ndi compressor imene ili pa 70 peresenti umatuluka cha m'ma 120°C. Pa 60 peresenti umadutsa 130°C, ndipo intercooler ndi imene imasenza mtolo wonsewo.

Siyani mpata pang'ono kumanja, 10 kapena 15 peresenti, kuti turbo isamakhale pa mpeni tsiku lotentha. Osapitirira apo. Mawu akuti "ndigule yaikulu kuti m'tsogolo ndidzawonjezere" ndi amene anabala galimoto ija ya kumayambiriro. M'tsogolomo nthawi zambiri simufika, ndipo zaka zonse zodikirazo mumayendetsa galimoto yaulesi.

Maina a ma turbo amakuthandizani kusefa msanga. Pa Garrett G25-550, 550 ndi denga la hp limene opanga amanena, osati mphamvu imene mudzapeze mukangoimanga. Pa BorgWarner EFR 6258, 62 ndi 58 ndi kukula kwa gudumu la compressor ndi la turbine m'mamilimita. Pa chitsanzo chathu cha 350 hp mudzakhala mukuyang'ana ma turbo a msinkhu umenewu kapena ocheperapo. G30-770 pa injini yomweyo ndi nsapato ya akulu pa phazi la mwana.

Mbali yotentha

Anthu amathera maso pa compressor chifukwa ndi imene imawala, koma khalidwe la galimoto limachokera kwambiri ku mbali ya utsi. Chigoba cha turbine, chija chopindika ngati cha nkhono, chimalembedwa nambala ya A/R. Ganizirani paipi ya madzi mutaitseka pang'ono ndi chala: madzi amathamanga kwambiri koma amadutsa ochepa. A/R yaing'ono ndi chala chimenecho. Utsi umamenya gudumu mwaliwiro, turbo imadzuka msanga, koma pa rpm yokwera utsi umasowa podutsa. Presha imakwera mu manifold ya ekizozi, utsi wotentha umatsalira m'masilinda, injini imayamba kugogoda, ndipo mphamvu imagwa singano isanafike pofiira. A/R yaikulu imachita zosiyana: imapuma bwino pamwamba, imachedwa pansi.

Pa zigoba za T3 mudzaona kawirikawiri 0.63 ndi 0.82. Pa injini ya malita 2.0 ya pamsewu, ine ndimayambira pa yaing'onoyo. Dziwani kuti nambalazi zimayerekezeka pa ma turbo a banja limodzi okha, 0.64 ya turbo yaing'ono ndi 0.63 ya yaikulu si zofanana m'pang'ono pomwe. Ubwino wake ngwakuti pa ma turbo ambiri chigobachi chimagulidwa pachokha, ndiye mukaphonya simutaya zonse.

Ngati malo ndi thumba zikulola, ganizirani twin-scroll. Chigoba chake chili ndi njira ziwiri, kuti utsi wa silinda imodzi usasokoneze wa inzake. Pa injini ya masilinda 4 yowotcha motsatana 1-3-4-2, silinda 1 ndi 4 zimalowa njira imodzi, 2 ndi 3 njira ina. Turbo imadzuka msangako popanda kubanika pamwamba. Koma manifold nayo iyenera kukhala yogawika mpaka kukafika pa turbo. Kumanga chigoba cha twin-scroll pa manifold yosagawika n'kulipira chinthu chimene simudzachigwiritsa ntchito.

Njira zitatu zogulira

Yoyamba ndi kutenga turbo ya mkulu wake wa galimoto yanu, ya kampani yomweyo. Eni Golf GTI Mk7 amachotsa IS20 n'kuikapo IS38 ya Golf R. Pa injini za 1.8T anthu akhala akuchoka pa K03 kupita pa K04. Zambiri zimalowa m'malo mwake, mapaipi a oyilo ndi madzi savuta, ndipo otchuna anaidutsa kale njirayi kambirimbiri. Kwa galimoto ya tsiku ndi tsiku, ngati njira imeneyi ilipo ndipo ikufikitsani pa nambala yanu, musavutike kuyang'ana kwina. Siyopatsa chidwi mukatsegula boneti, koma ndi imene eni ake sadandaula nayo.

Yachiwiri ndi hybrid: chigoba cha turbo yanu chimakumbidwa m'kati n'kuikamo magudumu okulirapo. Kunja imaoneka ngati ya kufakitale ndipo imamangika mosavuta. Ubwino wake umadalira manja a amene waipanga, makamaka pa balansi ya shafuti. Malire ake ngakuti chigoba cha utsi ndi wastegate (khomo lolambalalitsa utsi) zimakhalabe zazing'ono, ndiye gudumu la compressor likakula kwambiri mbali yotentha imabanika.

Yachitatu ndi kusintha zonse: manifold, turbo, wastegate, downpipe (paipi yotulutsa utsi mu turbo), mapaipi. Apa mumasankha mwaufulu, ndipo apa ndi pamene ntchito imatalika kuposa mmene munaganizira. Onetsetsani kuti pakamwa pa turbo ndi pa manifold ndi pa mtundu umodzi, kaya T25, T3, T4 kapena V-band, ndipo pimani malo ndi tepi musanaitanitse. Turbo yogunda boneti kapena yoyandikana ndi mapaipi a mabuleki imasandutsa ntchito ya masiku awiri kukhala ya miyezi.

Za mabering'i sindichulukitsa. Journal bearing imayandama pa oyilo, ndi yotsika mtengo ndipo imakonzeka. Ball bearing imayankha msangako mukachotsa phazi n'kupondanso, zimene zimamveka pamakona ndi posintha magiya, koma ikawonongeka nthawi zambiri mumasintha pakati ponse. Ndipo mawu akuti billet asakutengeni mtima. Kuti gudumu linasemedwa kuchokera ku chitsulo chathunthu sizibweretsa mphamvu pazokha. Chimene chimathandiza ndi kapangidwe ka mapiko ake, ndipo zimenezo mumaziona pa mapu.

Wastegate ndi khomo limene limalambalalitsa utsi kuti boost isapitirire. Ikachepa, boost imangokwerabe yokha pa rpm yapamwamba ngakhale khomolo lili pululu, ndipo kompyuta singachitepo kanthu. Chodabwitsa n'chakuti amene akufuna boost yochepa pa injini yotulutsa utsi wambiri ndi amene amafuna wastegate yaikulu, popeza utsi woti ulambalale ndi wochuluka. Sipuling'i yake ndi imene imaika boost yotsikitsitsa. Simungatsike kuposa pamenepo, ndipo kukwera kupitirira kawiri mphamvu ya sipuling'iyo kumavuta kuwongolera. Pa 1.2 bar, sipuling'i ya 0.7 kapena 0.8 bar ikhala bwino. Ngati galimoto yanu imapima mpweya wolowa ndi sensa yotchedwa MAF, blow-off valve (vavu yophwetsa presha mukachotsa phazi) yotayira panja imataya mpweya umene kompyuta yauwerengera kale, petulo amachuluka posintha giya, ndipo injini imatha kuzima pamphambano. Yobwezera mpweya m'kati ndi yachete koma ndi yoyenera.

Walira mvula walira matope

Turbo ndi gawo chabe la ndalama zimene mudzawononge. Mpweya wa 35 lb/min umafuna petulo wolingana nawo. Pa 350 hp ndi ma injector (opopera petulo) 4, osawagwiritsa ntchito kupitirira 80 peresenti, mukufuna a pafupifupi 630 cc/min iliyonse, ndi pampu yotha kuwadyetsa presha osagwa. Pa E85, mafuta a ethanol wambiri, wonjezerani cha m'ma 30 peresenti. Pa injini za direct injection, zopopera petulo mwachindunji mu silinda, pampu ya presha yaikulu ndi imene imayamba kutopa. Petulo akachepa injini ili pa boost, pisitoni imasungunuka m'masekondi, siichenjeza.

Intercooler ikhale yokwana, osati yongodzaza bampala. Yaikulu mopitirira imatchinga redieta. Downpipe ikhale yotakasuka. Sensa ya presha ya mu manifold ithe kuwerenga boost yatsopanoyo, chifukwa ya kufakitale ikafika pamapeto pake kompyuta imakhala yakhungu. Mapulagi nthawi zambiri amafunika ozizirirapo ndi mpata wocheperapo. Kilachi ya kufakitale ndi imene imayamba kulira, ndipo mabuleki ndi matayala ayenera kukula limodzi ndi mphamvuyo. Funsaninso malamulo a kumene mukukhala pa nkhani ya utsi ndi kuchotsa catalytic converter (choyeretsa utsi), ndipo a inshuwalansi adziwe zimene mwasintha, asadzakane kulipira tsiku la ngozi.

Koposa zonsezi, pezani wotchuna kompyuta musanagule turbo. Muonetseni pepala lanu lija ndi mapu. Iye waona ma turbo amenewa pa injini ngati yanu ndipo akuuzani rpm imene iliyonse imadzukira. Ndalama zake muziike pambali poyambirira, zisadzathe ndi zitsulo.

Pogula

Ma turbo achinyengo ndi ambiri, ena olembedwa maina a makampani odziwika, mabokosi ake okongola kuposa enieniwo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa liwiro la 150,000 pa mphindi, balansi ikaphonyeka pang'ono bering'i imatha msanga, ndipo phiko la compressor likathyoka zidutswa zake zimalowera ku injini. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka ndi opanga, yang'anani kachitsulo kolembedwa nambala pa turbo, ndipo pa hybrid pemphani pepala la balansi.

Yogwiritsidwapo kale ntchito igwireni ndi manja. Tsinani nati ya compressor muigwedeze cham'mbali: pa journal bearing youma kugwedera pang'ono n'kwachibadwa, bola gudumu lisakhudze chigoba. Kenako ikokeni n'kuikankha. Kumeneko isamveke kusuntha. Unikani ndi tochi m'mphepete mwa mapiko ngati muli mobenthuka, yang'anani zizindikiro za kukhula m'kati mwa chigoba, oyilo ku mbali ya utsi, ndi ming'alu pozungulira khomo la wastegate. Ndipo funsani chifukwa chimene anaichotsera. Ngati injini imene inali nayo inafa ndi bering'i, tizitsulo take tinadutsa mu turbo imeneyo.

Pomanga ndi poyatsa koyamba

Ma turbo atsopano ambiri amene amafa msanga amaphedwa ndi oyilo, kaya wochepa, wakuda kapena wosowa kotulukira. Ikani paipi yatsopano yobweretsa oyilo, sinthani oyilo ndi sefa yake. Ball bearing imafuna oyilo wochepa, ndipo nthawi zambiri pamaikidwa kotchinga ka bowo la pafupifupi milimita imodzi. Tsatirani zimene opanga alemba. Musapake silikoni pa milomo ya mapaipi a oyilo, kachidutswa kake kakalowa kamatseka njira.

Paipi yobwezera oyilo ndi imene inandiphunzitsa ine. Nditamanga turbo yatsopano pa galimoto yanga, inayamba kutulutsa utsi wabuluu ikangoima pang'ono. Ndinakwiya, ndinaimasula, ndinali wokonzeka kuibweza kwa amene anandigulitsa. Makaniko wina wachikulire anagwada, anaunika pansi, n'kundiitana: "Achimwene, taonani apa." Paipi ya rabala inali itapindika pang'ono pamene imadutsa pafupi ndi chitsulo chogwira injini. Oyilo wochoka mu turbo alibe pampu yomukankha, amangotsika yekha ali thovu, ndiye akapeza chopinga amadzaza pakati n'kutulukira ku mbali ya utsi. Tinasintha paipiyo, utsi unatha. Choncho ikhale yotakata, yotsetsereka njira yonse, ndipo ilowe mu sampu pamwamba pa pamene oyilo amalekezera. Mpweya wa m'munsi mwa injini ukhalenso ndi potulukira, apo ayi umakankha oyiloyo kubwerera.

Ngati turbo yakale inafa mophwanyika, tsukani intercooler ndi mapaipi onse kapena musinthe. Lumikizani mapaipi a madzi ngati turbo ili nawo. Tchingani mawaya ndi mapaipi oyandikira, chifukwa utsi wa injini ya petulo pa boost umafika 900°C ndi kupitirira. Musanayatse, thirani oyilo pa khomo la turbo n'kuzunguza gudumu ndi chala, kenako zunguzani injini ndi sitata mutaletsa petulo kufikira presha ya oyilo itakwera. Ikayaka, isiyeni ilire yokha kwa mphindi zingapo mukuyang'ana podontha. Tsekani pakamwa pa turbo, popani mpweya m'mapaipi, mumvetsere pamene ukuthawira. Kabowo kamodzi kamachititsa turbo kuzungulira mopitirira kuti ikwanitse boost yomweyo.

Popita kwa wotchuna yendani ngati mwanyamula mazira, osalowa mu boost ngakhale kamodzi. Pa dyno ayambire pa mphamvu ya sipuling'i yokha, n'kumakweza pang'onopang'ono akuyang'ana wideband (sensa yoonetsa kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo) ndi kumvetsera kugogoda. Pa petulo wamba, lambda, nambala imene sensayo imaonetsa, pa boost yonse imakhala cha pakati pa 0.78 ndi 0.82. Pemphani kuti akoke katatu kapena kanayi motsatizana muone ngati kutentha kwa mpweya wolowa kukukwera ndipo mphamvu ikugwa. Kukoka kamodzi injini itazizira kumanamiza. Pa pepala la dyno musathamangire nambala yapamwamba. Yang'anani mzere wa torque, pamene wayambira kukwera ndi kutalika kwa pamene wakhazikika.

Mukatuluka, pezani malo otetezeka ndi ololedwa, ikani giya yachitatu pa 2,500 rpm, pondani mpaka pansi, ndipo wina akhale pambali akuyang'ana geji kapena kompyuta ikulemba. Onani rpm imene boost yonse yafikira muyerekeze ndi imene munalemba papepala paja. Ikachedwa ndi 200 kapena 300, palibe vuto. Ikachedwa ndi 1,000, musathamangire kuimba mlandu turbo: bwerezani kupima mapaipi, yang'anani ngati utsi sukuthawira pa gasiketi ya manifold, ndipo onani ngati ndodo ya wastegate yakoka khomo lake mokwanira kuti litsekeke. Zonsezi zikakhala bwino, pamenepo m'pamene mungaganize zosintha chigoba cha utsi n'kuika cha A/R yocheperapo. Ndipo pobwerera, makilomita awiri omaliza muyende mofatsa musanazimitse, kuti oyilo asapserere pa shafuti yotentha.